Kope la Maphikidwe a Ambuya

M'nyumba ina ya mu Lusaka, pamwamba pa kabati pamene ana safikira, pali kope la cikuto cofiira, longa makope aja alembamo ana a sukulu. Mwini wace ndi kalaliki wa m'ofesi ina ya Boma, munthu wa zaka zopitirira pang'ono 30, amene kwao ndi ku Katete. Anaphunzira pa sukulu ya mishoni, ndipo atatsiriza anakwera basi pa mseu wa Great East Road kudza ku mzinda kudzafuna nchito, monga acitira anzace ambiri. Tsiku ndi tsiku iye asunga makalata a anthu ena, nawalemba manambala, nawaika m'malo mwace kuti asatayike. Koma wina atamfunsa kuti mwa mapepala onse amene anadutsa m'manja mwace ndi ati amene angamlize atapsa ndi moto, iye angachule kope lofiira lija, lingakhale liri ndi madontho a mafuta ndipo linunkha utsi. M'menemo analembamo maphikidwe a ambuya ace, amai a amai ace, pamodzi ndi nkhani zimene iwo anali kusimba ali pa moto.

Ciyambi ca kopelo cinali maliro. Amai a kalalikiyu anamwalira asanakalambe, ndipo anakawaika ku mudzi. Anthu atamwazikana, ambuya anaphikira adzukulu ao nsima ya ufa woyera ndi therere la cewe, pakuti m'nyumba munalibenso ndiwo zina. Pamene mnyamatayo anasunsa mbamu yoyamba, misozi imene anaigwira ku manda inatsika yokha, cifukwa therere limenelo linali lomwe lija anali kudya kwa amai ace kuyambira ali mwana, osasiyana mpang'ono pomwe. Usiku umenewo anagona akuwerenga pa zala anthu amene anali kudziwa kuphika motero. Amai ace anali atapita. Alongo ace awiri anakulira ku sukulu zogonera konko, nakwatiwa ku tauni, wina ku Kitwe, wina ku Ndola. Mkazi wace anabadwira mu Lusaka. Anatsala munthu mmodzi yekha, nkhalamba ya imvi mbuu imene inali kuyenda ndi ndodo.

Kale bvuto lotere silinali kuoneka pakati pa Acewa. Popeza mwamuna ndiye anali kupita ku cikamwini, ana akazi anali kukhala m'mudzi wa amai ao, ndipo mtsikana anali kukula akuona manja a amai, a ambuya ndi a amai ang'ono pa mtondo umodzi ndi pa mafua amodzi. Panalibe tsiku limene wina anati, "Lero tiphunzire kuphika." Mwana anali kuyamba ndi masanje, natumidwa kukapala moto, kenaka napatsidwa mthiko, ndipo pofika pa cinamwali zonse zinali m'manja mwace. Sukulu ndi nchito za kutali ziri ndi zabwino zimene palibe angazikane, koma zamwaza mbumba, ndipo cingwe cimene cinali kucoka kwa mai kunka kwa mwana caduka m'mabanja ambiri popanda wina kumva kuduka kwace.

M'mawa mwace mnyamatayo anagula kope pa kasitoro ka pa mseu, nakakhala pa khomo la khichini, colembera ciri m'manja. Akazi a m'mudzi anaseka kufikira kugwira nthiti, pakuti si mwambo kuti mwamuna wa ndebvu akhale pa mafua. Ambuya nao anamuyang'ana nati, "Kodi amuna anga, a Boma akucotsani nchito kuti mudzalimbane ndi ine pa miphika?" Pakuti ndimo m'mene ambuya aitanira mdzukulu wao wamwamuna pomseka. Iye anayankha nati, "Iai, Ambuya, ndifuna kulemba m'mene muphikira, kuti mwana wanga akadzakula adzadye zimene ine ndinadya." Ambuya anati, "Kulemba therere! Nanga pepala lilawa mcere?" Komabe anamsendezera mpando, ndipo kuyambira tsiku lomwelo, ulendo uli wonse akapita ku mudzi pa chuthi, kopelo linali kupita naye.

Bvuto loyamba linali miyeso. Munthu wa m'ofesi azolowera kuti cinthu ciri conse cikhale ndi nambala yace, cotero anali kufunsa kuti, "Nsinjiro zocuruka bwanji, Ambuya? Nanga madzi? Mphindi zingati pa moto?" Yankho linali limodzi masiku onse: "Uziona ndi maso." Akakakamiza, iwo anali kungoti, "Dzanja lidziwa." Tsono iye anapeza nzeru. Ambuya akatapa nsinjiro, anali kuwapempha kuti ayambe athira m'kapu zisanalowe mumphika, ndipo anaona kuti dzanja lao limodzi lifika theka la kapu. Za nthawi analeka kuyang'ana pa wochi, nayamba kulemba zizindikiro zimene ambuya anali kutsata: kuti phala la nsima lapsa likayamba kubwata ndi kulumphira pa mafua, kuti nsima yapsa ikaleka kumata ku cala conyowa, kuti ndiwo zotendera zapsa mafuta a nshawa akayamba kuoneka pamwamba. Pambuyo pace anazindikira kuti zizindikirozi ziposa wochi, pakuti moto wa nkhuni sulingana ndi wa makala, ndipo wa makala sulingana ndi wa magetsi.

Tsamba loyamba la kope ndi la cidulo, popeza ndico cinsinsi ca therere lija. Ambuya anali kusonkhanitsa zitsononkho za cimanga, makoko a nshawa ndi makoko ouma a nthoci, nazitentha pa malo osesa bwino, osasakaniza ndi phulusa la pa moto wa masiku onse. Phulusalo anali kuliika mumphika wakale wobooka pansi, atayalamo udzu, nathira madzi pang'ono pang'ono. Ndipo madzi ofiirira amene anali kudontha m'mbale ya pansi ndiwo cidulo. Asanacithire anali kucilawa ndi nsonga ya lilime, pakuti cikacuruka ndiwo ziwawa, cikacepa masamba safewa. Lero ambiri agula soda ku sitoro, amene agwira nchito yomweyo, koma kakomedwe kace ndi kena. Pansi pa tsambalo kalalikiyo analembanso cenjezo limene anamva kwa a zaumoyo, lakuti cidulo ndi soda ziononga zina mwa zofunika m'thupi zimene ziri m'masamba, cotero si ndiwo zonse ziyenera cidulo. Ambuya atamva anati, "Anakuuza ndani kuti ine ndithira cidulo m'ndiwo zonse?"

Tsamba lina ndi la mfutso. Mvula ikamatha, m'miyezi ya March ndi April, pamene masamba ali mbwee m'minda, ambuya anali kuthyola khwanya, citambe ndi ciwawa, nawaphika pang'ono, osati kufikira kupsa, nawayanika pa mphasa kufikira auma gwa. Kenaka anali kuwakulunga m'masamba a msuku, namanga ndi luzi. Ndico cikwatu, cimene anali kucipacika ku tsindwi la khichini kumene utsi uingitsa tizirombo. Motero mu October, minda iri mbee, banja linali kudya masamba a mu March. Kunena za nshawa, ambuya anali kukonda mtundu wa Chalimbana wa njere zazikulu, ndipo asanasinje anali kukhala pansi ndi licero nasankha imodzi imodzi, kutaya zonse zofota ndi za cuku. Ana anali kuyesa kuti ndi kutaya nthawi. Koma a zaulimi aphunzitsa kuti cuku ca nshawa ciri ndi ululu umene uononga ciwindi, ndipo ululuwo sutha ndi kuphika. Nkhalambayo sinadziwe dzina lace, koma m'nsinjiro zace sunalowemo.

Posakhalitsa mnyamatayo anaona kuti ambuya sangathe kuphika osasimba nkhani, ndi kuti cakudya ciri conse cinali ndi munthu wace. Cotero anagawa kope pawiri: ku manzere maphikidwe, ku manja nkhani. Mphika wa citsulo wa miyendo itatu umene anali kuphikira nyemba unadza ndi atate a ambuya, amene anayenda pansi kunka ku Salisbury, kumene tsopano kuchedwa Harare, kukafuna ndalama za msonkho, nakhalako zaka zambiri kufikira anthu anawayesa mchona. Mbeu za maungu zimene anali kusunga m'cikho ca phulusa zinacokera kwa amai ao. Caka ca kubadwa kwao sanacidziwe, koma anali kukumbukira kuti pa tsiku la ufulu, mu October 1964, anali ndi mwana woyamba ku msana, ndipo anaphika thobwa mbiya zitatu. Za cilala ca 1992 anali kusimba ndi liu lotsika: m'mene nkhokwe zinakhalira pululu, m'mene anthu analandirira cimanga cacikasu cocokera kunja, ndi m'mene ana anakanira nsima yace tsiku loyamba, naidya tsiku laciwiri osafunsa. Kupyolera m'nkhani izi kalalikiyo anapeza maina a makolo ace a mibadwo inai, amene sanalembedwe m'buku liri lonse la Boma kapena la chalichi.

Cinanso cimene anaphunzira ndi cakuti zina mwa zakudya zimene anthu aziyesa za makolo enieni ndi zobwera. Ambuya anati ambuya ao anali kuchula nsima ya mapira ndi ya mawere monga cakudya ca akale. Mabuku a mbiri abvomereza zimenezi, pakuti cimanga, nshawa, cinangwa, mbatata ndi matimati zinacokera ku America, ndipo zambiri zinafika mu Africa ndi zombo za Apwitikizi. Cimene ciri ca makolo ndico nzeru imene akazi anagwiritsa pa mbeu zacilendozo: kukonola cimanga, kubviika mphale masiku awiri kapena atatu, kusinja ndi kusefa kufikira ufa uyera, kubviika cinangwa cowawa kuti ululu wace ucoke, kutendera masamba ndi nsinjiro pamene kunalibe mafuta a m'botolo. Mbeu munthu angagule pa msika caka ciri conse, koma nzeru zotere zikatayika palibe sitoro imene izigulitsa.

Atabwerera ku Lusaka ndi kope lodzaza theka, kalalikiyo anayesa kuti nchito yatha. Tsiku lina mkazi wace anati aphike thobwa monga mwa kope, pakuti kunali kudza alendo. Anatsata mau onse: anabviika mawere, nawabvundikira kufikira anamera, nawayanika, nawapera kukhala cimera, anaphika phala la mgaiwa, ndipo pamene linapsa anathiramo cimera monga kunalembedwa. M'mawa mwace anapeza phala lolimba lopanda kutsekemera kuli konse, ndipo alendo anamwa tiyi. Mkaziyo anakhumudwa, nati kopelo linama. Mwamuna anati mkazi sanawerenge bwino. Ndipo usiku umenewo anagona osalankhulana.

Pa chuthi ca August, mwezi umene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, iye anatenga mkazi ndi mwana wao wamkazi wa zaka 8 napita nao ku mudzi. Ambuya atamva mlanduwo anaseka, naitana mkaziyo nati, "Bwera kuno, mkazi mnzanga, amuna athuwa alemba ndi makutu okha." Anaphika phala, naliphula, nakhala pansi nayamba kusimba za m'mene anakwatiwira. Nkhani itatha anapisa cala m'phala, nagwira dzanja la mkaziyo nalipisanso, nati, "Wamva? Likaleka kutentha cala, koma lisanazizire, ndiyo nthawi ya cimera." Atathira cimera, phala linasungunuka pa maso pao; analiwiritsanso, naligoneka, ndipo m'mawa linali thobwa lenileni. Pomwepo kalalikiyo anatsegula kope naona colakwa cace. Tsiku lija analemba za thobwa, ambuya anaphula phala nasimba za mphika wa ku Salisbury, ndipo iye analemba nkhaniyo ku manja, osazindikira kuti nthawi ya nkhaniyo inali nthawi yoti phala lipole, imene inayenera kulembedwa ku manzere. Pakuti cimera cikalowa m'phala lowira, mphamvu yace yosandutsa ufa kukhala wotsekemera ifa ndi moto.

Kuyambira pamenepo analeka kukhulupirira colembera cokha. Ciri conse cimene cinalembedwa anali kuciphika iwo eni pa maso pa ambuya, mkazi ndi mwana akugwira mthiko, nkhalamba ikudzudzula. Anajambulanso liu ndi manja ao ndi foni ya m'manja, cinthu cabwino ndithu, pakuti mwana adzamvabe kuseka kwa ambuya akadzakula. Koma popeza foni ibedwa ndipo ionongeka, sanaleke kulemba. Zina ambuya anakana kumuuza, monga cifukwa cace masiku ena mkazi atuma mwana kukathira mcere m'ndiwo. Anati, "Izo si za amuna," natengera mkazi wace kuseri kwa nkhokwe. Iye sanakakamize, ndipo zimenezo m'kope mulibe.

M'caka ca 2024 mvula inadula pakati pa dzinja, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko liri pa tsoka, pakuti cilala cinakhudza maboma 84 mwa maboma 116. Madzi anacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri, ndipo mu Lusaka anthu anabwerera ku mbaula. M'nyumba ya kalalikiyo kope linatsika pa kabati, ndipo zikwatu ziwiri zimene anabwera nazo kucokera ku mudzi zinathandiza m'masiku amene ndiwo zinakwera mtengo. Pamenepo iye anakumbukira tsamba la mpama. Ambuya anali atamuuzapo kuti mu 1992, iye ali khanda, anapulumutsa banja ndi mpama, cilazi ca kuthengo cimene mitundu yace ina ipha munthu akapanda kuikonza bwino. Atawapempha kuti afotokoze, anakana nati, "Mpama sauphunzira pa khonde. Udzabwere tidzapite ku phiri pa ngolo, uone tsamba lace ndi maso, ndipo tidzaukonze pamodzi kufikira tsiku lakudya." Iye anali atalemba mutu wokha pamwamba pa tsamba, nalonjeza kudzanso. Koma chuthi cina anacisintha cifukwa ca nchito, pa cinzace ndalama za basi zinacepa, ndipo m'mtima mwace anati phiri silithawa. Phiri silinathawedi, koma ambuya anadwala masiku anai okha, ndipo uthenga unampeza ali m'ofesi.

Tsamba la mpama likali loyera kufikira lero. Anafunsa nkhalamba zina za m'mudzi, koma wina anati ukhale m'madzi masiku awiri, wina anati asanu, ndipo panalibe amene anafuna kumlozera tsamba lace motsimikiza. Anzace a ku nchito anati afune pa intaneti, koma iye anakana kulemba m'kope la banja cinthu cimene cingadzaphe mdzukulu wace, pakuti pa zakudya zotere, monganso pa bowa, wodziwa theka ali pa ngozi yoposa wosadziwa konse. Analisiya cotero, kuti ali yense wotsegula kope aone cimene mau akuti "mawa" anamtayitsa.

Maliro a ambuya atatha, alongo ace, amene poyamba anali kumseka pamodzi ndi akazi a m'mudzi, anapempha kuti aone kopelo. Anawerenga usiku wonse pa nyali, akulira ndi kuseka. Wa ku Kitwe anakumbukira cigumu ca nthoci cimene amai ao anali kuphika pa Khrisimasi, nacilemba ndi dzanja lace. Wa ku Ndola anaonjezera futali. Mlongo wao anajambulitsa masamba onse napatsa yense ace, ndipo anapangana kuti aliyense aphunzitse ana ace ndi manja, osati kungosunga mapepala m'sutukesi.

Inu anyamata ndi asungwana amene mwatsiriza sukulu ndipo maso anu ali ku mseu wa ku tauni, muli ndi cinthu cimene ambuya anu ambiri alibe, ndico kulemba; ndipo iwo ali ndi cimene inu mulibe. Anthu akale anati mau a akulu akoma akagonera, komatu agonera mwa munthu amene anawamva. Cotero musanakwere basi gulani kope, mukhale pa moto ndi nkhalamba ya kwanu. Lembani dzina la cakudya m'cinenero canu, nyengo imene cipezeka, ndi dzina la amene anaphunzitsa ambuya anuwo. Yesani dzanja lao ndi kapu, ndipo nthawi imene angokhala osacita kanthu muilembenso, pakuti nayo ndi mbali ya kuphika. Mukatha kulemba, phikani iwo akuona, akudzudzuleni akali ndi moyo. Yambani ndi zobvuta ndi zoopsa, zimene zifuna ulendo wa kuthengo, pakuti zosabvuta ena adzakuuzani. Ndipo mnyamata asacite manyazi akamsekera pa mafua. Safunsa anadya phula.

Masiku ano, Loweruka madzulo, mwana wa kalaliki uja atola zitsononkho kwa ogulitsa cimanga coocha, nazitentha kuseri kwa nyumba, nacheza cidulo m'kacitini kobooledwa ndi msomali. Amai ace akamfunsa kuti wathira cocuruka bwanji m'therere, iye ayankha monga anamvera ku Katete, nati, "Dzanja lidziwa." Koma atate ace amuuzabe kuti ayambe wathira m'kapu.